Msitu wa kumanda ulibe taitolo: nkhani ya Kumarangk, Mulanje ndi kuno kwathu ku Chadiza

Aliyense amene wayendapo pa msewu wocokera ku Chipata kubwera kuno ku Chadiza m'cilimwe waciona cinthu ici. Minda yayera mbee, mitengo inatha kale ndi makala ndi zigafa za fodya, koma apa ndi apo pamaoneka kankhalango kobiriwira kamene nkhwangwa sinakakhudze. Mlendo amafunsa kuti ndani anasunga mitengo imeneyo. Mwana wa kuno safunsa, adziwa kuti kumeneko ndi kumanda.

Caka catha tinapita kukaika maliro a amai ena a mu mphakati wathu, m'mudzi umene sitiuchula dzina. Tikutuluka m'msitu, mnyamata wina mwa adzukulu okumba manda anationetsa mabikoni awiri a simenti, atsopano, okwiriridwa m'mphepete mwa mitengo. Anyakwawa anati iwo adziwa cabe kuti chire la kuseri linaperekedwa kwa munthu wina wa m'tauni kuti atsegule famu, ndipo opima malo anabwera tsiku limene anthu anali ku minda. Mzere wao sunadule manda ngakhale amodzi ooneka ndi maso. Unadula mbali ya kumadzulo kumene kulibe mitanda kapena mitumbira, ndipo unatsikira ku kamtsinje. Pamene nkhaniyi inakambidwa pa bwalo, madoda ena anangoti, "Kumeneko sikulimidwa." Atafunsidwa cifukwa, anayang'ana pansi. Azimai acikulire naonso anati ku kamtsinjeko sikuyenera kupita khasu, koma pamaso pa amuna anakana kunena zambiri. Mcewa aliyense amene anali pa bwalopo anamva. Mbali ya kumadzulo ndi dambwe. Ku kamtsinje ndi kumene azimai amaika nthayo, ana opita padera, maliro amene mwamuna saperekeza ndipo saikapo cizindikiro ciliconse. Koma munthu wa pepala m'manja anamva kuti anthuwa alibe cifukwa.

Apa ndi pamene pagona vuto limene tifuna kuti awerengi athu aliganizire. Malo opatulika ambiri a makolo athu amatetezedwa ndi cinsinsi, pamene ofesi ya malo, khonsolo ndi khoti zimafuna umboni wonenedwa poyera ndi wolembedwa. Ukaulula, waphwanya mwambo umene unali kuuteteza. Ukakhala cete, akuti ukunama. Msampha umenewu si wa ife tokha, ndipo kuli anthu ena kutali amene anakodwamo dziko lonse likuona.

Kumwera kwa dziko la Australia, pamene mtsinje waukulu wa Murray umathira m'nyanja pafupi ndi tauni ya Goolwa, pali cilumba cimene azungu amacicha Hindmarsh. Eni nthaka, mtundu wa Ngarrindjeri, amacicha Kumarangk. Kwa zaka zambiri anthu anali kuwolokerako pa pantuni. Banja lina la amalonda, Tom ndi Wendy Chapman, linafuna kukulitsa dooko la mabwato ndi kumanga nyumba zambiri pa cilumbapo, ndipo boma la cigawoco linati nchitoyo ingacitike pokhapokha patamangidwa ulalo. Mu 1994 gulu la azimai a Ngarrindjeri, mmodzi mwa atsogoleri ao ali Doreen Kartinyeri, linati ulalowo udzaononga malo opatulika a azimai, okhudza za ubereki ndi madzi ozungulira cilumbaco, ndipo zimenezi mwamuna sayenera kuzimva. Pofuna kuthandiza, katswiri wina wamkazi wa za miyambo, Deane Fergie, analemba zimene anauzidwa nkuzitsekera m'maenvulopu awiri olembedwa pamwamba kuti awerenge ndi azimai okha. Nduna ya za eni nthaka, Robert Tickner, inalemekeza cinsinsico, sinatsegule, ndipo inaletsa ulalowo kwa zaka 25.

Tamverani tsono mmene zinatembenukira. Mu 1995 khoti linafafaniza ciletsoco, ndipo cimodzi mwa zifukwa zace cinali cakuti nduna sinawerenge yokha zimene zinali m'maenvulopu. Ulemu umene ndunayo inapereka kwa azimai ndiwo unagwetsa mlandu wao. Caka comweco mapepala ena a nkhaniyi anasocerera ku ofesi ya phungu wotsutsa boma, Ian McLachlan, kumene anakoperedwa, ndipo phunguyo anatula pansi udindo umene anali nao m'cipani cace. Kenaka azimai ena a mtundu womwewo anaimirira nati iwo sanamvepo za cinsinsi cimeneco cibadwire, ndi copeka. Boma la cigawo linakhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi Iris Stevens. Azimai osunga mwambo anakana kukaonekera, kamba kakuti sakanalola kuti cipembedzo cao cizengedwe ngati mlandu wa mbuzi. Mu Disembala 1995 komishoni inagamula kuti nkhani yonse inali yopeka. Nyumba ya malamulo inapanga lamulo lapadera mu 1997 locotsa malowo pa citetezo, khoti lalikulu la dzikolo linavomereza lamulolo mu 1998, ndipo ulalo unatsegulidwa mu Marici 2001.

Patangopita miyezi isanu, mu Ogasiti 2001, woweruza John von Doussa, poweruza mlandu wa cipukuta misozi umene a Chapman anasumira nduna ija ndi akatswiri ace, anati iye sanakhutire kuti cinsinsi ca azimai cinali copeka. Mu 2010 boma la South Australia linavomereza poyera kuti mwambowo unali woona. Koma Doreen Kartinyeri anali atamwalira kale mu 2007, ndipo magalimoto anali atayenda pa ulalowo zaka zisanu ndi zinai. Madzi akatayika saoleka.

Mcewa akamva nkhaniyi sangadabwe ndi azimai aja amene anati sanamvepo kanthu. M'mudzi umodzi womwewo muli namkungwi amene adziwa zonse za ku tsimba, muli mai wovinidwa amene adziwa gawo lace, ndiponso muli mai amene anakulira pa misyoni kapena ku Migodi amene sadziwa ciliconse. Onse atatu ndi Acewa, onse atatu anganene zoona pamaso pa woweruza, ndipo mau ao angasiyane ngati usiku ndi usana. Ambiri mwa a Ngarrindjeri anakulira pa misyoni ya Point McLeay, kumene miyambo ya makolo sinali kuphunzitsidwa poyera. Kusadziwa kwa mmodzi sikutanthauza bodza la mnzace. Ife Akatolika sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Wansembe angapite ku ndende koma sangaulule zimene wamva m'sakramenti la kulapa, ndipo palibe wa ife amene amati poti Abambo akana kunena, ndiye kuti munthuyo sanalape.

Tisapite kutali. Kwa anansi athu ku Malawi kuli phiri la Mulanje, limene nsonga yace ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Amang'anja, Alomwe ndi Ayao okhala m'tsinde mwace amati ndi mudzi wa mizimu. Kuli malo monga Dziwe la Nkhalamba kumene makolo anali kuthira nsembe, ndipo mwana aliyense wa kumeneko anauzidwapo kuti ukapeza cakudya cokonzedwa kale m'phirimo, udye wekha osaitana mnzako. Phirili linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Koma pamwamba pace, ku Lichenya ndi ku Linje, pali bokisaiti, dothi lopangira aluminiyamu, matani mamiliyoni ambiri, ndipo kuyambira nthawi ya atsamunda makampani akhala akuliyang'ana ndi diso la njala. Ca m'ma 2012 kampani ya Spring Stone inali kufufuza miyala yosowa ku Chambe, ndipo anthu a m'deralo anathamangira ku khoti kukatenga ciletso. M'zaka za posacedwapa kampani ya Akatswiri Mineral Resources inabwera ndi ganizo lokumba bokisaiti uja, ndipo mafumu, mabungwe osamala cilengedwe ndi anthu wamba ambiri anakana.

Cimene taona potsatira mkangano wa ku Mulanje ndi cakuti mfundo zimene zimamveka msanga m'maofesi ndi zija zowerengeka: mitsinje imene imamwetsa midzi, minda ya tiyi ndi mzinda wa Blantyre, mtengo wa mkungudza umene kwao kwenikweni ndi phiri limeneli, alendo okwera phiri amene amasiya ndalama, ndi kuopsa kwa napolo, makamaka pambuyo pa namondwe Freddy amene anakwirira midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Marici 2023. Wonena za mizimu anali kumvedwa ngati wongokometsera nkhani. Zinthu zinasinthako mu Julai 2025 pamene bungwe la UNESCO linalemba phirili pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse, ndipo linalilemba kamba ka cikhalidwe ndi cipembedzo ca anthu ace. Mizimu ndi yomweyo, nsembe ndi zomwezo. Casintha ndi cakuti tsopano pali pepala ndi mapu zonena kuti malowa ndi opatulika, malire ace ndi awa, eni ace ndi awa. Tisanamizane, UNESCO ilibe apolisi, ndipo laisensi ya mgodi imaperekedwa kapena kulandidwa ndi boma la dzikolo. Komabe munthu wa ku Mulanje akaima lero pa msonkhano nati phiri ili ndi la mizimu, palibe angamuuze kuti wapeka dzulo.

Ku Dedza zinacitika kale, mu 2006, pamene mapanga 127 a ku Chongoni analembedwa pa mndandanda womwewo. Zambiri mwa zojambula zoyera za m'mapangamo ndi za cinamwali ca atsikana ndi za nyau. Alendo amaziona ndi maso, koma tanthauzo lace lonse likali m'mitima ya anamkungwi. Malo atetezedwa, cinsinsi sicinagulitsidwe. Mapanga otere alipo kuno Kum'mawa, monga Thandwe, Makwe ndi Mkoma, ndipo m'dera lathu lino muli phanga la Kalemba limene David Phillipson anakumbamo mu 1971 napeza kuti anthu anakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Kodi ndi ana angati a sukulu za ku Chadiza amene anapitako?

Nanga malamulo athu akuti ciani? Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza mapanga, manda ndi zinthu zina zakale, koma pa zambiri mwa izo limayang'ana zimene zinalipo pasanafike 1 Januwale 1924. Midzi yathu yambiri ndi yosamuka. Ina inasunthidwa ndi atsamunda pamene North Charterland inatenga nthaka yabwino ya cigawo cino, ina inabwerera pambuyo pace, ina inagawikana dzana lomweli. Manda a mudzi umene unakhazikika mu 1950 ndi opatulika kwa eni ace cimodzimodzi, koma zaka zace sizikwana. Ndipo dambwe mulibe cipupa kapena mwala wozokota woti katswiri aupime. Ndi mitengo cabe.

Lamulo la malo la 1995 ndilo limatikhudza tsiku ndi tsiku. Limalola kuti malo a mfumu asandutsidwe a taitolo ya zaka 99 ngati mfumu ndi khonsolo avomereza, ndipo limati anthu amene angakhudzidwe afunsidwe. Mau abwino. Koma afunsidwa ndani, ndipo wofunsa ndani? Kawirikawiri fomu imasainidwa ku nyumba ya mfumu, opima malo ndi amuna, makhansala ambiri ndi amuna, ndipo msonkhano ukacitika umakhala wa pa bwalo pamene namkungwi sangatsegule pakamwa pa nkhani ya nthayo. Pa nchito zazikulu monga migodi, madamu ndi misewu, lamulo la za cilengedwe la 2011 limafuna kuti ZEMA ione lipoti ndi kumva maganizo a anthu, koma malipotiwo ndi mabuku onenepa a Cingerezi. Taitolo ikatuluka, malowo acoka m'manja mwa mfumu, ndipo sitinaonepo akubwerera. Mafumu a dziko lino anaonetsa mantha ao mu 2018 pamene anatuluka mu msonkhano ku Lusaka kukana ndondomeko ya malo imene boma linakonza, ndipo a Kalonga Gawa Undi akhala akucenjeza mafumu ao za kugulitsa nthaka. Koma mkangano wa mafumu ndi boma ndi wakuti mwini mphamvu pa nthaka ndani. Funso la mai wa ku kamtsinje kuja silinafikebe pa tebulo limenelo.

Wina adzati akatekisiti ayamba liti kuikira kumbuyo nyau? Funso labwino, ndipo sitilithawa. Mbiri ya Mpingo wathu ndi gule wamkulu ndi ya nkhondo, kuyambira masiku oyamba a misyoni za Mua ndi Kachebere, ndipo mpaka lero pali zinthu zimene timatsutsana nazo poyera, monga kucotsa ana pa sukulu kupita nao ku dambwe kapena kuthamangitsa anthu pa njira. Tidzapitiriza kuzitsutsa. Koma kutsutsana ndi mnansi pa za cikhulupiriro ndi nkhani ina, kuonerera akumulanda malo ace opatulika ndi nkhani inanso. M'msitu womwewo mwagona akhristu athu amene tinawaika ndi mtanda ndi madzi odalitsa. Ndipo tivomereze cinthu cimodzi cocititsa manyazi pang'ono: malo a parishi ndi a machalichi ambiri ali ndi mapepala osungidwa bwino mu kabati, pamene manda a mudzi umene unatipatsa malowo alibe ngakhale kalata imodzi.

Winanso adzati tikutsekereza citukuko. Ife a ku Chadiza, amene tadya fumbi la misewu yathu zaka zonsezi ndi kunyamula odwala pa ngolo, sitingadane ndi tala, cipatala kapena damu. Ndiponso nzoona kuti alipo anthu acinyengo amene akamva kuti kukubwera cipukuta misozi amaumba mitumbira usiku, kapena amakumbukira mwadzidzidzi kuti agogo ao anali kuthira nsembe pa mtengo umene dzulo anali kufuna kuwocha makala. Anthu otere ndiwo amacititsa kuti wonena zoona asakhulupiridwe. Mankhwala ace ndi amodzi ku mbali zonse ziwiri: malo opatulika adziwike wamalonda asanabwere. Cimene cinapweteka azimai a ku Kumarangk kwambiri ndi funso lakuti, nanga bwanji simunanene kale? Yankho lao linali lomveka, kuti cinsinsi sucichula popanda coopsa, koma pa nthawi imene coopsaco cinafika, ndalama zinali zitalowa kale ndipo mau ao anaoneka ngati ocita kupangira. Nkhanga zinapangana kusanace.

Tsono ganizo lathu ndi ili, ndipo silifuna kudikira lamulo latsopano. Mudzi uliwonse ulembe kuti malo ace opatulika ali pati, osalemba kuti m'menemo mumacitika ciani. Akulu a ku dambwe ayende okha m'malire a msitu. Anamkungwi ayende okha ku malo ao, ndipo wolemba wao akhale mkazi. Pa pepala pangolembedwa kuti malo awa, kuyambira pa mkuyu uja kufika pa mwala uja, ndi oletsedwa mwa mwambo, ndipo owayang'anira ndi a udindo wakuti. Anyakwawa asaine, pepala limodzi lipite kwa Amfumu, kaya ndi a Mlolo, a Mwangala kapena a Zingalume, lina ku khonsolo, lina litsale m'mudzi, tsiku ndi cidindo zili pomwepo. Nchito yofanana ndi imeneyi inacitikapo pafupi nafe. Kuyambira 2014 bungwe la Chipata District Land Alliance linathandiza midzi ya kwa Mkanda, Mnukwa, Mshawa ndi Maguya kujambula malire a midzi, minda ndi malo a onse, mafumu nkupereka zikalata. Anali ndi thandizo la ndalama zakunja, zimene masiku ano nzosadalirika, koma foni yoonetsa malo pa mapu ilipo tsopano pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo kope la sukulu ndi la makwaca ocepa.

Pepala lotere si taitolo, ndipo loya wocenjera angalipeputse. Koma likakhala ndi cidindo ca zaka zisanu zapitazo, palibe anganene kuti mwambowo wabadwa cifukwa ca famu. Khonsolo nayo isamavomereze fomu yosandutsa malo popanda kufunsa ngati azimai a m'mudzimo anamvedwa paokha, ndi mkazi mnzao. A Ngarrindjeri anafika pa njira yonga imeneyi atavulala kale. Mu 2002, mafupa a makolo ao atafukulidwa pa nchito yokonza dooko la Goolwa, khonsolo ya Alexandrina inapepesa ndipo inasainirana nao pangano lakuti izikamba nao nchito isanayambe.

Pali mbali inanso imene imaiwalika, ya alendo. Cilumba ca Kumarangk lero ndi malo ocezerako, anthu amaoloka ulalo kukaona pamene mtsinje ukumana ndi nyanja, ambiri osadziwa misozi imene inagwa pamenepo. Nafenso tili ndi alendo athu. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo caka ciliconse mu Ogasiti anthu zikwi zambiri amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba. Zimenezo ndi za pa bwalo, zoti aliyense aone. Koma taona ana athu omwe, obwera ku holide kucokera ku Lusaka, akulowa m'msitu ndi foni kujambula zimene siziyenera kujambulidwa kuti akaike pa Facebook, ndipo m'mapanga ena maina a anyamata olembedwa ndi makala akwirira zojambula za makolo. Mlendo wofuna kuona phanga kapena msitu ayambire kwa anyakwawa, apatsidwe womuperekeza, ndipo akauzidwa kuti apa ndi polekezera, abwerere osafunsa kuti cifukwa ciani.

Ku mudzi kuja mabikoni akali pomwepo. Mwini famu sanayambe kugwetsa mitengo, ndipo atamva kuti pali nkhani anatumiza mau kuti ali wokonzeka kukambirana, cinthu cimene tiyenera kumuyamikira. Anyakwawa aitanitsa msonkhano mvula isanagwe. Anamkungwi atatu anena kuti iwo sadzalankhula pa bwalo, koma adzatsikira ku kamtsinje m'mamawa ndi mtsikana wina wovinidwa amene anatsiriza giredi 12, iye atanyamula kope ndi bolopeni, kuti akamuonetse mitengo ya m'malire.